Mawu Atatu Amene Imelda Anafufuta

Imelda Voss anali mtsikana wanzeru, ndipo ankadziwa kuti ndi wanzeru. Pamenepo ndi pamene panagona vuto lake. Pa achinyamata onse amene Ofesi ya Chitetezo cha M'dziko ya m'chigawomo inawatenga kuti iwaone kagwiridwe kawo ka ntchito kwa chaka chimodzi, panalibe womuposa polemba ndondomeko, powerenga mapu kapena poyankha mafunso a mabwana. Koma akuluakulu akamamulangiza, ankamva ndi makutu okha, mtima uli kale patsogolo.

Chaka chakecho chinali kutha. Mayi Brandt, mkulu wa nthambi yokonza mapulani, anali atanena poyera kuti mpando wokhazikika ulipo umodzi wokha, ndipo adzasankha woukhala akadzaona mmene zoyeserera za ku Pellam zidzayendere. Amene anakonza zoyesererazo anali Imelda. Nkhani yake inali yakuti sitima ya katundu yagwa panjanji pafupi ndi mlatho wa Pellam, thanki yake yang'ambika, ndipo mpweya wa poizoni ukulowera m'tawuni. Sitimayo kunalibe, mpweyawo kunalibenso. Amene analipo ndi apolisi, ozimitsa moto, anamwino ndi akuluakulu a tawuni, amene ankayenera kukhala mozungulira matebulo, aliyense kumalandira mauthenga opeka pafoni yake n'kumanena chimene akanachita. Zolakwa zawo zonse zinkalembedwa, ndipo kuchokera m'zolakwazo ofesi inkakonza malamulo oti chigawo chonse chidzatsate pa tsiku la tsoka lenileni.

Ntchito imeneyi Imelda anayamba kuifuna ali mwana. Chaka china mtsinje utasefukira kwawo, iye ndi mayi ake anakhala padenga la garaja akudikira maboti amene sanabwere, chifukwa panalibe amene analemba msewu wawo m'mapulani a boma. Tsopano mayi akewo anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo ndi wa m'boma.

Lamulo loyamba la zoyeserera ndi lodziwika kwa aliyense wa ntchito imeneyi: uthenga uliwonse uyambe ndi mawu akuti IZI NDI ZOYESERERA, ndipo uthenso ndi mawu omwewo. Amene ankalondera lamuloli anali Bambo Gaskins, mkulu wa imvi amene anazimitsa moto kwa zaka zambiri bondo lisanawakanikize kukwera makwerero. Anali pafupi kupuma pantchito. Litatsala tsiku limodzi, anawerenga mauthenga onse a Imelda akuloza ndi chala liwu ndi liwu, kenako anasaina.

"Koma Bambo Gaskins," anatero Imelda akutolera mapepala, "anthu akuluakulu ngati amenewa tiziwauza chinthu chimodzi kawiri, ngati ana a mkaka?"

"Uziwauza kawiri, mwana iwe," anayankha Bambo Gaskins akuvula magalasi. "Munthu akachita mantha amawerenga mzere woyamba wokha. Mizere yotsalayo amaiwerenga ali kale pa liwiro, ngati aiwerenga n'komwe."

Imelda anamwetulira mwaulemu. Mumtima anati mkuluyu wakalamba.

Tsikulo kunacha kozizira. Masamba ofiira anali mbwee m'misewu ya Pellam, ndipo holo ya pamwamba pa siteshoni ya ozimitsa moto inkanunkhira khofi ndi madonasi. Imelda anakhala pakona ndi kompyuta yotumizira mauthenga. Pambali pake panali Corbin, mnzake amene anayamba naye ntchito tsiku limodzi, yemwenso ankaufuna mpando womwewo ngakhale ankauseka.

"Aprofesa, idyani donasi," anatero Corbin akumukankhira bokosi. "Mukafa ndi njala mpando uja ndingoutenga popanda kutuluka thukuta, ndiye sizikoma."

"Idya wekha. Ukufunika mphamvu zokasakira ntchito kwina," anayankha Imelda.

Zoyeserera zinayamba bwino. Apolisi anatseka misewu ndi pakamwa, anamwino anakonza mabedi ndi pakamwa, ndipo Mayi Brandt, ataima kumbuyo atapinda manja, anagwedeza mutu kawiri konse. Uthenga wotsatira unali wopita kusukulu ya pulayimale. Mphunzitsi wamkulu wa kumeneko, Bambo Lutz, anali atavomera kuulandira ali muofesi yawo, kenako kuimba foni kuholoko n'kufotokoza chimene akanachita, ana osadziwa kanthu.

Imelda anauwerenganso uthengawo, ndipo anauona kuti ndi wosakwana. Sunanene kumene mphepo ikuchokera. Sunanene za makina olowetsa mpweya, ngakhale za makolo. Mayi Brandt akanaona kusakwanako. Mwamsangamsanga anawonjezera mizere yake: ana onse alowe m'holo yamasewera, makina a mpweya azimitsidwe, zitseko zimatidwe ndi tepi, ndipo asatsegulidwe munthu aliyense, ngakhale makolo. Bokosi lolembamo linasanduka lofiira. Uthenga unali utapitirira malire a zilembo. Imelda anayang'ana choti adule, koma mzere uliwonse unali wake ndipo unali wabwino. Maso ake anagwera pa mawu atatu a pamwamba aja. Pansi alipo kale, anadziuza, ndipo Bambo Lutz akudziwa zonse. Anawafufuta. Kufiira kuja kunachoka, ndipo anatumiza.

Foni ya kusukulu sinabwere.

"Ahedi ako agona," ananong'ona Corbin. "Kapena akufufuza m'dikishonale mawu ako akuluakulu aja."

Imelda sanaseke. Anayang'anitsitsa foni ya patebulo ngati kuti maso ake angailize. Koma chimene chinalira ndi wailesi ya m'chiuno mwa mkulu wa apolisi, ndipo mawu amene anatulukamo anaziziritsa holo yonse.

"Zenizeni, zenizeni, zenizeni."

Mawu amenewa akamveka, zoyeserera zimaima pomwepo. Makapu anaikidwa pansi. Mayi wa kumalo olandirira mafoni a ngozi ankalankhula mofulumira: makolo akuimba mosalekeza, akuti sukulu yatsekedwa, ana akuwatumizira mauthenga kuti kunja kuli mpweya wakupha. Kodi sitima yagwadi?

Bambo Gaskins anali ataimba kale foni ya m'thumba ya Bambo Lutz. Anamvetsera pang'ono, kenako anatseka maso.

"Ali pampando wa dokotala wa mano," anatero. "Dzino linawavuta mmawa. Foni ya sukulu anasiyira wachiwiri wawo, Mayi Tolliver, ndipo za lero anaiwala kuwauza." Anatembenukira kwa anthu onse. "Musade nkhawa. Mayiwo aona mzere woyamba, adziwa."

Pamenepo Imelda anamva ngati mpando wachoka pansi pake. Zala zake zinalemba uthenga wina, wa mawu atatu okha obwerezabwereza, n'kuutumiza. Panalibe yankho. Anaimba foni ya sukuluyo: inali yotanganidwa. Anaimbanso: yotanganidwa. Bambo Gaskins anafika kumbuyo kwake, anawerama, n'kuwerenga uthenga woyamba uja pakompyuta. Anauwerenga mpaka pansi, akuloza ndi chala monga mwa chizolowezi chawo. Sanakalipe. Anangodina batani, uthengawo n'kubisika Corbin asanasuzumire.

"Tenga jekete," anatero. "Tiye."

Galimoto ya Bambo Gaskins inalephera kufika pageti. Msewu wa kusukulu unali utadzaza ndi magalimoto osiyidwa paliponse, ena zitseko zili chitsegukire, ina itapendekera mu ngalande m'mbali mwa munda wa chimanga chokololedwa kale. Amuna ovala zovala za kufakitale ankathamanga atatseka mphuno ndi malaya. Wapolisi ankafuula pa chimkuzamawu kuti kulibe sitima imene yagwa, koma mawu ake ankamira m'phokoso la mahutala. Imelda anathamanga pakati pa magalimotowo, Bambo Gaskins akutsimphina pambuyo pake.

Pachitseko chachikulu cha galasi panali mayi wina wovala yunifomu ya m'sitolo, akumenya galasilo ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Nettie! Nettie Quarles! Mwana wanga ali ndi mphumu! Mankhwala ake ali m'chikwama m'kalasi! Tsegulani, inu!"

Kuseri kwa galasi kunaima Mayi Tolliver, mayi wamng'ono thupi, atamanga mpango kukamwa. M'mbali mwa chitseko monse munali mutamatidwa tepi yotuwa, mwaukhondo, osasiya mpata. Maso awo anali ofiira, koma anapukusa mutu. Anatulutsa foni m'thumba n'kuigunditsa pagalasi kuti Mayi Quarles awerenge okha. Imelda anafika pafupi ndipo anaona mzere wake womwe, umene anaunyadira uja: asatsegulidwe munthu aliyense, ngakhale makolo.

"Mayi Tolliver!" anakuwa Imelda. "Werengani mpaka pansi! Mpaka pansi!"

Galasi linali lochindikala, ndipo mayiwo sanamve. Imelda anavula jekete, anatambasula manja, n'kukoka mpweya wambiri kukamwa kuli yasa, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka chifuwa chinamupweteka ndi kuzizira. Kenako analoza foni ija n'kutsetseretsa chala chake pagalasi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mayi Tolliver anamuyang'ana ngati wamisala. Kenako anayang'ana foniyo, anaseseretsa chala, uthenga n'kukwera. Imelda anaona maso awo akufika pa mzere womaliza n'kuima. Mpango uja unatsika wokha kukamwa.

Tepi inalira pomatulidwa. Ana anatuluka m'holo yamasewera m'mizere, ena akulira, ena atagwirana manja osafuna kusiyana. M'holomo munali mutatentha chifukwa makina a mpweya anali ozimitsidwa. Pomaliza anatuluka mphunzitsi wa masewera atanyamula kamtsikana kovala sweta yachikasu, milomo yake itachita phulusa, kupuma kwake kukumveka ngati kakhweru. Anthu a ambulansi anakaika chophimba kukamwa n'kukagoneka pamachira.

Mayi Quarles, phazi limodzi lili kale m'ambulansi, anatembenuka. Anaona baji imene inali kulendewera pakhosi pa Imelda.

"Ndinu a boma inu? Ndani walemba chinthu chimenechi? Ndikufunsa, ndani?"

Imelda asanatsegule pakamwa, mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Ndi ofesi yathu, mayi," anayankha Bambo Gaskins, amene anali atangofika akupuma mwawefuwefu. "Tidzabwera kudzakufotokozerani. Pitani ndi mwana."

Chitseko cha ambulansi chinatsekeka. Imelda anadabwa ndi mmene mawu akuti ofesi yathu analili aakulu: munthu ankatha kulowamo yense osaonekanso.

Pobwerera, Bambo Gaskins anaimika galimoto kuseri kwa siteshoni n'kuzimitsa injini. Mwambo wa ntchito imeneyi ndi wakuti zoyeserera zikangotha, anthu asanabalalike, onse amakhalanso pansi n'kunena chimene chalakwika, aliyense ndi pakamwa pake, ndipo zonenedwazo ndi zimene zimalowa m'lipoti. Pamwamba paja mipando inali kumveka ikukokedwa. Foni ya Bambo Gaskins inalira. Anamvetsera, n'kupumira m'mwamba.

"Kamtsikana kaja kakupuma bwino," anatero. "Kagona kuchipatala lero, koma kayamba kale kupempha ayisikilimu."

Imelda anaphimba nkhope ndi manja, mapewa ake akugwedezeka.

"Tsopano tamvera, mwana iwe, ndipo lero umvedi," anapitiriza Bambo Gaskins. "Amene anasaina mauthenga aja ndine. Tikakwera pamwambapa ndinena kuti mzere uja unalibe kuyambira dzulo, ine sindinauone. Maso a nkhalamba. Iwe ungokhala chete."

"Koma si zoona."

"Zoona ndi zakuti ine ndikupuma pantchito chisanu chikamayamba. Andichita chiyani? Andimana keke ya tsiku lotsanzikana? Ndili ndi matenda a shuga, sindikanaidya n'kale." Anaseka pang'ono, koma Imelda sanaseke. "Iwe uli ndi mutu umene ofesi ino ikuufuna. Ndaona achinyamata ambiri, ndipo ochepa ndi amene amakumbukira za makina a mpweya. Ukatsegula pakamwa, mpando uja wapita, ndipo nkhani ngati iyi imamutsata munthu kulikonse kumene akafunsire ntchito m'boma. Waphunzira kale. Ndaona nkhope yako pagalasi paja. Sipafunika kuti uphunzire kawiri."

Imelda anakwera masitepe pambuyo pawo. Anaganiza za mayi ake ataima pakhomo la tchalitchi, anzawo akuwafunsa za mwana wa m'boma uja. Anaganiza za mpando, za desiki yoyang'ana pawindo imene anali ataisankha kale mumtima. Kungokhala chete basi. Sanafunike kunena bodza ngakhale limodzi.

M'holo munali zii. Madonasi otsala anali atauma m'bokosi. Corbin anamukokera mpando osanena nthabwala iliyonse, ndipo zimenezi zinamuopsa Imelda kuposa china chilichonse. Mayi Brandt anakhala kutsogolo, cholembera chili m'manja.

"Tonse tikudziwa chimene chachitika," anatero. "Chimene sindikudziwa ndi mmene chachitikira. Ndikufuna ndichidziwe, chifukwa chimene ndilembe pano ndi chimene chidzakhale lamulo m'chigawo chonse. Ayambe ndani?"

Bambo Gaskins anaimirira atagwira bondo lawo.

"Ndiyamba ndine, bwana. Mauthenga onse anadutsa m'manja mwanga dzulo, ndipo ndinasaina. Wa kusukulu uja unalibe mawu a pamwamba. Sindinaone. Mlandu ndi wanga, ndipo palibe wina woti afunsidwe."

Mayi Brandt anawayang'ana kwa kanthawi.

"Inu, Bambo Gaskins? Amene mumawerenga ndi chala?"

"Chala nachonso chimakalamba, bwana."

Anthu ena anaseka chapansipansi, mwachisoni. Mayi Brandt anawerama n'kuyamba kulemba, akutchula mokweza monga mwa mwambo kuti onse amve.

"Chifukwa: wowerenga mauthenga sanaone kuti mawu asowa. Chokonza: kuyambira tsopano mauthenga aziwerengedwa ndi anthu awiri asanasainidwe."

Imelda anamvetsera mawu amenewo ndi khutu la munthu wolemba ndondomeko, ndipo anaona pomwepo kuti lamulolo ndi lopanda ntchito. Anthu awiri adzawerenga, anthu awiri adzasaina, ndipo mmawa mwake wina wofulumira ngati iye adzakhala pakompyuta yomweyo, bokosi lidzafiira, ndipo adzafufuta mawu omwewo. Lamulolo lidzapita kumatawuni onse a m'chigawo, anthu adzalikhulupirira, ndipo penapake mayi wina wa mpango kukamwa adzamata zitseko mwaukhondo. Anakumbukira denga la garaja, ndi madzi akuda akukwera m'msewu umene munthu wina muofesi ina sanaulembe.

Mpando wake unalira pamene ankaimirira.

"Bwana, musalembe zimenezo."

Mayi Brandt anadzutsa mutu.

"Khala pansi, mwana iwe," anatero Bambo Gaskins mofatsa, onse akumva. "Ndakuuza kale kunja kuja, ndipo ndikubwereza pamaso pa anthu: katundu ameneyu ndisiyire ine. Ndikukupatsa ndi mtima wonse. Sindidzakufunsa kanthu."

"Dzulo mawu aja analipo," anatero Imelda. Mawu ake anafika kumapeto kwa holo. "Bambo Gaskins anawaona, ndipo anasaina uthenga wolondola. Ndine ndinawafufuta mmawa uno, kuti mizere yanga ikwane. Makina aja amalola munthu kusintha uthenga wosainidwa kale, ndipo amalolanso kudula mawu amene sayenera kudulidwa. Chokonza chili pamenepo, osati pa maso a Bambo Gaskins."

Corbin anayang'ana pansi. Mkulu wa apolisi anakhosomola. Mayi Brandt anaika cholembera patebulo n'kupinda manja.

"Voss, ukudziwa kuti izi si zoyeserera? Ndikalemba dzina lako, lalembedwa. Ndipo ukudziwa chimene ndimayenera kusankha sabata ino."

"Ndikudziwa, bwana."

"Bwana, mwanayu wasokonezeka ndi mantha," analowererapo Bambo Gaskins. "Lembani zimene ndanena ine. Imelda, mpata udakalipo. Ungonena kuti sukukumbukira bwino, basi, zotsalazo ndimaliza ndine."

Aka kanali koyamba kuti amuitane ndi dzina lake. Imelda anawayang'ana mkuluyo, imvi zawo, dzanja lawo lili pabondo.

"Zikomo, Bambo Gaskins," anatero. "Koma ayi. Khalani pansi, bondo likupwetekani. Kwa Mayi Quarles nakonso ndipita ndekha. Anandifunsa funso, ndipo sindinawayankhe."

Anatembenukira kwa Mayi Brandt.

"Lembani, bwana. Dzina langa mulilembe pa mzere woyamba."